Fayilo ya Zuleka

Lolemba, 3 Febuluwale

Mvula kuyambira m'mawa. Denga la ofesi yathu ya zachisamaliro cha anthu likudonthera pakabati. Kompyuta imodzi, anthu asanu ndi awiri, pasiwedi ili pakapepala komata pasikirini. A Fletcher, a zamakompyuta, abweranso kudzadandaula. Akuti, "Mayi Phiri, apa mwasiya khomo pululu." Ndangoseka. Kalata yawo yopempha pulogalamu yotetezera kompyuta yatha miyezi isanu ndi itatu patebulo la abwana.

Masana ndalemba nkhani ya Zuleka wa ku Lifuwu. Mwamuna wake anamuthyola mkono ndi nkhafi. Tamubisa ku Khombedza kwa azakhali ake, a Kulusumu, pamodzi ndi mwana wa miyezi inayi. Ndalowetsa zonse m'kompyuta: mudzi, nyumba, nambala ya foni. Wandifunsa katatu ngati wina angawerenge. Ndamuuza kuti ayi.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Kwabwera imelo, ati yochokera kulikulu. Maina a opita ku semina ku Lilongwe. Ndatsegula ndine. Ndimafuna kuona ngati langa lilipo. Munalibe kanthu, tsamba loyera mbee. Ndatseka, ndapitiriza ntchito. Sindinauze munthu.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Mafayilo onse akukana kutseguka. Pasikirini mawu ofiira a Chingerezi. A Fletcher azula waya wa intaneti, kenako akhala pampando, manja kumutu. Afunsa ngati tinasunga kwina. Fulashi yomwe tinkasungiramo mafayilo a Alex, dalaivala wathu, anafafaniza chaka chatha n'kuikamo nyimbo za kwaya.

Nkhani za anthu za zaka zisanu ndi chimodzi. Ana ogwiriridwa. Amayi othawa nkhanza.

A Fletcher akuti ndi akuba a pa intaneti, analowera pa imelo, ndipo sanangotseka mafayilo, atenganso. Ndafunsa ngati tingachenjeze eni nkhani. Abwana: "Izi zisatuluke panja. Tidikire malangizo."

Ndabwerera kunyumba wapansi. Chakudya chandikanika.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Zatuluka zokha. Mng'ono wanga Mphatso wandionetsa pafoni yake. Masamba athu akuzungulira m'magulu a Watsapu, chidindo cha ofesi chili pomwepo, siginecha yanga pansi. Ena akuikapo tizithunzi toseka. Tsamba lachitatu ndi la Zuleka.

Ndaimbira a Kulusumu kasanu. Foni yozimitsa. Ndapempha galimoto, ati mafuta mulibe. Ndati ndipita mawa. Bwanji mawa? Minibasi zinalipo.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Khombedza. Ndachedwa.

Mwamuna uja anafika dzulo madzulo ndi abale ake awiri pa njinga zamoto. Sanafunse njira kwa aliyense. Zuleka ali m'chipatala, nthiti zitatu zathyoka, diso silikutseguka. Mwana anamutenga. Apolisi akuti anthuwo analowa panyanja ndi boti.

A Kulusumu sanandiyalire mkeka. Ndinaima pabwalo, mvula ikuwaza. Anangoti, "Allah akuona, amayi. Ife tinakhulupirira boma."

Kuchipatala ndinafika pakhomo la wodi. Mabere a Zuleka akutuluka mkaka, malaya anyowa. Ndinalephera kulowa.

Lolemba, 17 Febuluwale

Msonkhano. Lipoti lalembedwa kale: a Fletcher ananyozera ntchito, ayambe aima. Kalata yawo ija akuti sikupezeka. Abwana anandikankhira pepala kuti ndisaine ngati mboni. A Fletcher anali kuyang'ana nsapato zawo. Ali ndi ana anayi.

Ndinati, "Bwana, imelo ija ndinatsegula ndine. Ndipo kalata yawo ndinailandira ndekha, n'kuidinda."

Abwana andiuza kuti ndisiye makiyi kwa mlonda, kalata yanga ndidzaimva.



Lachiwiri, 18 Febuluwale

Pakhomo. Mwana wa Zuleka sanapezekebe.

Malangizo sanabwere. Palibe amene wachenjezedwa. Ndagula kope kugolosale, ndikulemba za m'mutu, mayi aliyense amene tinamubisa ndi kumene ali. A Fletcher akuti andinyamula panjinga yawo tikawachenjeze, tiyambire kumwera.

Ndakumbukira khumi ndi asanu ndi anayi. Analipo oposa makumi atatu.

Pali wina wa chipsera pachipumi, anabwera mwezi wa Okutobala atabereka mapasa, wina kumsana wina kumimba. Mwamuna wake anali ndi chikwanje. Ndikumuona bwinobwino, chitenje chobiriwira. Salma? Salome? Mudzi wake unali... Sukubwera m'mutu.