Makalata Athu Sakutuluka M'nyumba

Makwasa, Thyolo
14 Malichi 2005

Okondedwa achimwene a Caleb,

Kalata iyi ndapatsira a Stambuli, oyendetsa thiraki ya tiyi aja, ndipo alonjeza kuti akafika ku Joni akakusakani kutchalitchi Sabata. Foni yanu yakale sikugwira. Chonde muwerenge mpaka kumapeto musanakwiye.

Makalata anu a pa imelo tikulandira onse. Ndawerenga ya ntchito yatsopano, ndawerenganso ija mukuti ngati kwathu takuiwalani nanunso musiya kulemba. Ndinalira, achimwene, chifukwa iliyonse ndinayankha. Athuwo ndiye sakuchoka m'nyumba muno.

Kompyuta munasiya kuchipinda ija, yotumizira makalata a banja ndi a anansi, ndimaiyatsa monga munandiphunzitsira. Imayimba foni, imalira kulira kwake kuja, ine nkumati zapita. Mpaka mwezi watha pamene mayi Alesi a ku Chimaliro, amene mwana wawo ali ku Joni komweko, anabwera atakwiya. "Mwana wanga Douglas sanayambe wandinyozapo," anatero. "Ndamulembera za maliro a mlongo wake, iye nkuyankha za mpira? Makina anuwa ngabodza!"

Ndinathamangira kwa a Bashir, okonza mawailesi pamsika, amene anaphunzirako zamakompyuta ku Limbe. Atayang'ana anandiitana kuti ndione ndekha. Makalata onse kuyambira Januwale ali ndandanda m'katimo: anga, a mayi Alesi, a aphunzitsi ofunsira sukulu kunja. Palibe imene inatuluka.

Tinayimbira kampani ya intaneti. Anatiuza kuti anasintha malamulo pothana ndi anthu otumiza makalata achabechabe. Tsopano makina apanyumba saloledwa kutumiza okha, ayenera kupereka makalata ku seva, kompyuta yaikulu ya kampaniyo, kuti iyo iwapititse. Anatipatsa dzina la sevayo. A Bashir akuti ndi mzere umodzi wokha wofunika kulemba, koma pamalo polembapo mpokhoma ndi mawu achinsinsi a mwini makina, ndipo mwini wake ndinu. Tayesa dzina lanu, la malemu amayi, la galu wathu uja, ngakhale nyimbo mumakonda kukwaya. Yakana zonse. Iwo akuti angathe kufufuta nkuyambiranso, koma makalata a anthu angatayike, ndipo sakutsimikiza kuti angaibwezere mmene munaikonzera. Ndawaletsa. Ndinakweranso minibasi kukakulemberani pa kafe ya intaneti ku Limbe, koma mwina poona adiresi yachilendo simunatsegule.

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuzungulira. Ababa anagwa m'munda wa tiyi kumayambiriro kwa Febuluwale. Anzawo othyola nawo anawanyamula pa thirakitala ya esiteti mpaka kuchipatala cha mishoni. Mbali yakumanja yafa. Poyamba ankayankhulako, ndipo ndikalowa m'wodi funso linali limodzi: "Tayamika, a Caleb ayankha?" Ine ndinkawawerengera makalata anu, nkumadumpha mawu anu okwiya aja. Tsiku lina anati, "Nanga za matenda angawa sakunenapo kanthu bwanji?" Ndinangowakonzera bulangete. Nthawi imeneyo nkuti nanenso ndikuganiza kuti mwawerenga koma simukusamala. Mundikhululukire.

Adokotala anandiitanira pambali Lachisanu nkundiuza kuti amene ali kutali adziwitsidwe. Sindinafunse zambiri.

Ndiye ndikupempha ziwiri. Mukangolandira kalatayi, tumizani mawu achinsinsiwo pa imelo, poti zobwera zikufika. Si ife tokha, pali mabanja amene akuyesa kuti ana awo awataya. Chachiwiri, bwerani. Musadikire tchuthi, musagule kanthu. A Stambuli akuti pobwerera mpando wakutsogolo ulipo.

Alamu anu a Josiah akupereka moni, ndiwo akugona kuchipatala masiku ano. Ana, Teleza ndi Ester, akuti moni kwa amalume. Mayi Alesi akuti ngati mungakumane ndi Douglas mumuuze ndinu za mlongo wake, mofatsa. Akwaya amakutchulani m'mapemphero.

Ababa sakuthanso kuyankhula. Dzulo ndinawauza kuti ndikulembera inu, ndipo ndinafunsa ngati ndiikemo moni wawo. Anandigwira chala ndi dzanja lamanzere, osachisiya mpaka anamwino atabwera kudzatitulutsa.

Ndine mlongo wanu,
Tayamika