Amene Anasaina ndi Baudilio

San Miguel,
9 Okutobala 1988

Okondedwa achimwene Evaristo,

Ndikhulupirira muli bwino ku Toronto kumeneko pamodzi ndi akazi anu. Kalata yanu inandipeza mwezi watha. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimadikira munthu woti anyamule yangayi pamanja, poti za ku positi zimafika anthu ena atawerenga kale. Ikubwera ndi sisitere wina amene akupita ku Mexico, ndiye lero ndilankhula zonse.

Mwapempha kuti tikulembereni kalata yokuitanani, yodindidwa kwa loya, yoti mukaonetse ku ofesi ya kazembe kuti akupatseni viza. Mwandifotokozera bwinobwino ngati mukuphunzitsa mwana: zithunzi ziwiri, tikiti yobwererera, umboni wa kuntchito, ndiponso dzina la munthu wa kuno amene adzakusungeni ndi kuyankhira chilichonse chimene mudzachite. Achimwene, zimenezi ndikuzidziwa kuposa inu. Tinayamwa bere limodzi, koma lero mukufuna kulowa kwanu ngati mlendo, ndi pasipoti ya eni ake. Chabwino. Koma mlendo aliyense ali ndi womusainira, ndipo ndi nthawi yoti mudziwe zimene zinamugwera amene anasainira akazi anu chaka chatha.

Ndinakulemberani kuti amuna anga a Baudilio anagwa pa njinga yamoto n'kupweteka manja. Ndinanama. Njinga yamoto sanaikwerepo chibadwire.

Alamu athu a Maureen atafika tinawalandira ndi manja awiri. Amayi anawapatsa bedi lawo, iwo n'kumagona pansi. Viza yawo inali ya masiku khumi ndi asanu, ndipo pa bwalo la ndege anawauza momveka kuti mlendo sawoloka mtsinje wa Torola popanda chiphaso cha asilikali. Patangotha masiku anayi, tikudya, anati akufuna kukaona mudzi umene inu munabadwira.

A Baudilio anaika supuni pansi. "Alamu, kumeneko kulibenso mudzi. Kwatsala zipupa zopserera ndi anyamata a mfuti. Ngati mwatsimikiza, kapempheni kaye chiphaso."

"Ndikapempha andikaniza," anatero m'Chisipanishi chawo chotsimphina chija. "Musaope, Baudilio. Ine sangandikhudze, ndine wa ku Canada."

"Nanga ine ndine wa kuti?"

Akazi anu anaseka mpaka misozi. Ankayesa nthabwala.

M'mawa mwake ine ndili kumsika, anakwera galimoto ya anthu atchalitchi onyamula mankhwala, kusiya kapepala patebulo koti tisadandaule. Ndipo ananenadi zoona, sanawakhudze. Asilikali atawagwira pa rodibuloko pobwerera, ali ndi kamera m'khosi, anawagoneka masiku awiri mu hotela ku likulu, n'kuwakweza ndege. Inu munatilembera monyadira kuti anakafotokoza ulendo wawo kutchalitchi kwanu, anthu n'kuwaombera m'manja. Kalata imeneyo ndinaiwerenga nditakhala pa chipata cha kampu ya asilikali.

Asilikali anabwera kwathu Lachitatu m'mawa, a Baudilio akudula nsalu ya suti ya ukwati wa mwana wa neba. Wamkulu wawo anayala pepala pamwamba pa nsaluyo. Linali kalata yathu ija yoitanira a Maureen.

"Telala, dzina ili ndi la ndani?"

"Langa, bwana."

"Walonjeza apa kuti mlendo wako sadzaphwanya lamulo. Wasaina bwino, zilembo zokongola. Ndi dzanja liti limeneli?"

A Baudilio anakweza lamanja.

"Aa, koma telala amagwiritsa onse awiri, eti?" Anzake anaseka, n'kuwakankhira m'galimoto.

Masiku khumi ndi asanu ndi anayi ndinkapita pa chipata paja ndi chakudya m'mbale. Tsiku lina mlonda anandilanda mbaleyo n'kuyamba kudya ndikuona. "Mayi, munthu ameneyo kuno sitikumudziwa. Mwina wathawa ndi mzungu wake uja. Mumaphika bwino komabe." Ndinapita kuchipatala, ndinapita kumalo kumene amataya mitembo, ndinatembenuza ana a eni ndi manja angawa. Kenako masana ena amayi ogulitsa tomato anawapeza a Baudilio atatayidwa m'mbali mwa msewu wa kumsika. Anawazindikira chifukwa cha malaya, poti anasoka okha. Anawabweretsa pa ngolo.

Ali moyo, ndikuthokoza Mulungu. Koma zala zinapola chokhota. Munthu amene ankalowetsa ulusi m'singano osayang'ana, lero mabatani a malaya ndimawamangira ndine. Pa makina ndimakhala ine, iwo amasita, kukankha simbi ndi zikhatho. Makasitomala akale ambiri amadutsa tsidya lina la msewu, amati nyumba yathu ndi yosunga azungu a zigawenga. Sindinakuuzeni chifukwa a Baudilio anandiletsa. Akuti mungakangane ndi akazi anu. Taonani mtima wa munthu ameneyu, achimwene, kudera nkhawa banja lanu iye akumwera madzi m'kapu yomugwirira munthu wina.

Tsopano za amayi. Zimene mwamva n'zoona. Miyendo yatupa, kupuma kukuvuta, ndipo adokotala akuti mtima watopa, mvula ya chaka chamawa mwina sadzaiona. Ndikudziwa n'chifukwa chake mukufuna kubwera, ndipo sindikunena kuti simuwakonda.

Kulakwa kwanga n'kwakuti kalata yanu ndinaiwerenga mokweza, a Baudilio akumva. Nditamaliza anati, "Herminia, munthu asawaone amake akupita? Mawa tipite kwa loya."

"Mukasaina ndi chiyani? Ndi mano?"

"Mano ena anandisiyira," anatero.

"Ine sindikuseka. Nyumba ino sidzasainiranso munthu. Ngakhale atakhala mngelo."

"Sindikuti usainire iwe ayi. Dzina langa alilemba kale kumeneko, lako likadali loyera."

Ndinkayesa zathera pomwepo. Koma sabata yonse ndikatuluka ankatenga cholembera, kuchifumbata m'chibakera ngati mwana wa sukulu ya mkaka, n'kumayeserera dzina lawo kuseri kwa mapepala odulira madiresi. Ndinawapeza mapepalawo pansi pa matiresi. Lolemba lapitali anadzuka, anandiuza ndiwamange mabatani, n'kupita okha kwa loya. Anabwera ndi kalata yanu, chidindo chili gwa, dzina lawo lili pansi, lokhotakhota ngati njira ya nyerere. Anandipatsa akumwetulira.

"Kaponye ku positi. Ukawauze alamu abwere ndi malaya opepuka, kuno kukutentha."

Ndinaitenga. Ndinayenda mpaka pakhomo pa positi. Kenako ndinakhota, ndinalowa mumsika, ndinagula chitumbuwa chimodzi cha pupusa kwa mayi wokazinga pafupi ndi mabasi, ndipo iye atatembenuka ndinaiponya kalatayo pa makala. Ndinaima pomwepo mpaka yonse itasanduka phulusa. Sindikupepesa. Mukatumiza pempho lina, nalonso lidzapita komweko.

Kunyumba ndinanena kuti ndatumiza. Ndiye a Baudilio anakawauza amayi kuti mwana wawo akubwera pa Khirisimasi. Kuyambira tsiku limenelo amayi akudya. Andichapitsa nsalu za pabedi kawiri, ndipo tsiku lililonse amandifunsa kuti lero ndi pa chingati.

Choncho ndili ndi pempho, ndipo musankhe chimodzi. Choyamba n'chapafupi: alembereni amayi ndi a Baudilio kuti kalata munailandira, koma a kazembe akukanizani viza. Akukaniza anthu ambiri masiku ano, palibe adzadabwe. Ine ndasenza bodza chaka chathunthu kuti inu muzigona bwino, ili laling'onoli mungathe kulisenza.

Chachiwiri ndi ichi. Chiphaso chanu chakale cha dziko lino chili m'chitini cha amayi, pamodzi ndi kalata yanu ya ubatizo. Ndikhoza kukutumizirani. Mwana wa dziko lino safuna viza, safuna womuitana, safuna womusainira. Amaima pamzere umodzi ndi ife, n'kupereka dzina lake kwa msilikali, n'kudikira kuti alifufuze m'buku lawo lija la anthu ofunidwa. Mukudziwa chimene munathawira, ndipo mwina dzina lanu likadalimo. Mwina analiiwala. Ine sindikudziwa, monganso sindidziwa m'mawa uliwonse galimoto ikaima pakhomo pathu. Koma mukabwera motero, akafuna wotenga adzatenga inuyo, osati wina.

Amayi akupereka moni. Akuti musavutike ndi mphatso, mungobwera, ndipo akufunsa ngati tsitsi layamba imvi ngati la malemu bambo. A Baudilio akupereka moni kwa inu ndi kwa a Maureen. Akuti muwauze kuti alibe nawo chifukwa. Ndalemba monga anenera, mawuwo ndi awo, si anga.

Wanga moni sindiuika m'kalata muno. Ndausunga. Mukadzaima pakhomo pano ndi dzina limene amayi anakupatsani, mudzaupeza.

Ndine mlongo wanu,
Herminia