Kavalo wa Bambo Kumbuyo kwa Ng'ombe

Pecan Ford, Texas
22 Okutobala 2018

Okondedwa achimwene Thaddeus,

A Royce Kimbrough, wapampando wa komiti ya chikumbutso cha njira ya ng'ombe, ndi amene andilembetsa kalata ino. Ndayamba ndi dzina lawo dala, kuti mukadzabwera kuchokera ku Alaska kwanuko musadzafulumire kuwagwira chanza.

Mwambo mukuudziwa. Chaka chilichonse timadutsitsa ng'ombe za nyanga zitalizitali m'tauni mpaka pa dooko pomwe makolo ankaolotsa misambi popita ku Kansas, ndipo m'busa akamwalira, kavalo wake amatsogolera gulu lonse wopanda wokwera, jombo za malemuyo zili m'zopondera za chishalo, zoyang'ana kumbuyo. Bambo athu anakwera pa chikumbutsochi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ndiye Lachitatu ndinapita ku komiti kukafunsa nthawi yobwera ndi Deacon, kavalo wawo uja. Sindinapite kukapempha ayi, ndinapita kukafunsa nthawi.

"Lavonne, mwanawe," anatero a Kimbrough uku akutokosa m'mano, "kutsogolo n'kwa eni makola ndi akapitawo. Bambo ako Ozell anali munthu wabwino kwabasi, koma iye anali woyenda kumbuyo kwa ng'ombe."

"Ndiye wakumbuyo akafa, sanafe?"

"Usandiike mawu m'kamwa iwe. Komanso tili ndi mlendo wa ku Dallas wosadziwa kukwera. Deacon ngwofatsa. Tibwereke."

Achimwene, miyezi inayi isanakwane chiwaikireni bambo m'manda, pa chishalo chawo pakhale munthu wogula chipewa dzulodzuloli! Ndinawauza kuti mlendo wawoyo amubereke okha kumsana, poti nawonso amafatsa akaona anthu a ku Dallas. Amayi akuti ndinaonjeza. Kaya.

Pali china chimene simukuchidziwa, ndipo amayi musawauze. Chaka chatha ine ndi bambo tinayambana pa nkhani yomweyi. Chikumbutso chitatha ndinawapeza kukhola akusukusula, maso ali psu ndi fumbi, ine n'kunena kuti, "Zaka zonsezi kumangodya fumbi la ng'ombe za eni, anzanu akujambulidwa kutsogolo. Simuchita manyazi?" Iwo anapukuta kumaso nati, "Agogo a agogo ako, a Cato, anayenda kumbuyo kuchokera pano mpaka ku Kansas maulendo asanu. Za kutsogolo zimadziyendera zokha, Vonnie. Zofuna munthu zili kumbuyo." Ndinawayankha kuti amenewo ndi mawu a munthu wozolowera kupondedwa. Ndinatha milungu itatu osawalankhula, ndipo titayambanso kulankhulana sindinapepese. Ndinkati nthawi ilipo.

Loweruka ndinamumangira Deacon chishalo, ndinaika jombo zija, n'kumukoka wapansi. Kutsogolo sindinapiteko. Ndinakaima kumbuyo kwa ng'ombe, kumene ndinapeza a Eusebio Garza, mnzawo wa bambo wa m'fumbi uja, ali okhaokha. Anavula chipewa, anayang'ana jombozo nthawi yaitali, kenako anandiponyera mpango.

"Manga kumphuno, mwana wa Ozell. Pakamwa pakopo sipatsekeka, padzadza dothi lero."

Sananame. Fumbi limenelo sindinkalidziwa, achimwene. Limalowa m'mano, m'makutu, ngakhale m'tsitsi lomangidwa. Bandi yoimba kutsogolo ndinkangoimvera patali. Anthu a m'mbali mwa msewu ankaomba m'manja kwa okwera kutsogolo, ndipo ife tikamafika anali atayamba kale kupinda mipando yawo.

Pamtsetse wotsikira kumtsinje, ng'ombe ina yokalamba, yotsimphina mwendo wakumbuyo, inatsalira n'kupatukira ku zitsamba zaminga. A Eusebio anali mbali ina akulimbana ndi ziwiri. Ine ndisanadziwe chochita, Deacon anandisolola chingwe m'manja. Anapita yekha, jombo zikugwedezeka m'mbali mwake, anaizungulira, anaitsekera njira, n'kuibweza mwaulemu, osaithamangitsa. Anayenda pambuyo pake pang'onopang'ono, ikaima nayenso n'kuima, mpaka inaponda m'madzi.

Wolankhula pa chimkuzamawu anasiyira mawu pakati. Kutsidya ndinaona zipewa zikuvulidwa. A Eusebio anangoti, "Ee, Ozell, taonadi." Ine ndinakhala pansi pamsewu pomwepo n'kulira mmene sindinalirire kumanda. Anthu ankayesa ndikulirira ulemu umene bambo analandira. Ndinkalirira milungu itatu ija.

Dzulo titaweruka kutchalitchi a Kimbrough anabwera kunyumba, chipewa chili m'manja. Akuti chaka chamawa Deacon adzatsogolera, ndipo dzina la bambo alilemba pa mwala wa mayina a abusa umene uli pa dooko. Ndinati dzinalo alembe, pamodzi ndi la a Cato, poti mwalawo si wawo, koma asadikire zikomo kwa ine, ndipo Deacon malo ake akuwadziwa. Amayi anawapatsa khofi. Ine ndinatuluka kukhonde mpaka atapita.

Tsono pempho langa ndi ili. Munalemba kuti Deacon timutumize ku famu ya amalume kuti akapume. Musatero, chonde. A Eusebio ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu, bondo likuwavuta, ndipo kumbuyoko munthu sayenda yekha. Ayamba kundiphunzitsa Loweruka likubwerali. Akuti ndimakwera ngati thumba la mbatata.

Amayi akupereka moni, akuti muzivala zofunda. Usiku akugona bwinoko tsopano. Mlamu wanga Odessa ndi ana muwapatse moni wanga. Mukamapemphera muzinditchulako, pakuti kukhululukira ena kumandivuta, ndipo kudzikhululukira ndekha sindinayambe n'komwe.

Za a Kimbrough ndi za milungu itatu ija ndalemba kamodzi komweka. Sindidzazitchulanso, ngakhale inu mutandifunsa.

Ndine mlongo wanu,
Lavonne