Timipira ta Mpunga ta Thandazani

Lamlungu, 4 Ogasiti 2024

Pakamwa pangapa padzandipha. Ku Misa lero ndimangotsegula milomo, mutu uli pa za dzulo.

Dzulo tinakhala pansi kukonza za chilanga mulilo cha Thandazani, mwana wanga mmodzi yekhayu. Mwambo wa Abemba, si wathu ife akummawa, koma mkamwini Kampamba ndi Mbemba, ndiye titani. Akuchikazi amaphika zakudya zonse za pakhomo pawo, azimayi n'kusenza kukatula kwa mkamwini, kuti aone zomwe azidya kwa apongozi. Ndinaitana bana Mpundu, alangizi odziwa zimenezi, ndi azimayi a mumphakati mwathu kuno ku Kabwata. Chikanda, visashi, nkhuku ya kumudzi, kapenta, delele, ndi chakumwa cha munkoyo. Zonse zikuyenda bwinobwino.

Kenako Thandazani uyo, kuchokera ku Chelstone komwe amachita lendi, atakumbatira katoni. M'katimo eyafulaya, kamphika kamagetsi kaja kokazinga ndi mphepo yotentha, kosafuna mafuta. Akuti pa zakudyazo tiikepo timipira take ta mpunga, ta Chitaliyana, alanchini. Mkati nyama yogaya ndi tchizi. Akuti ndi chakudya chomwe iye amaphika ndi mtima wake wonse.

Azimayi anayang'anana. Bana Mpundu anangomwetulira pang'ono. Ine magazi n'kuwira. Ndinawaoneratu Abemba akutiseka, kuti akummawa mbewa zawathera, ayamba kuumba mpunga. Ndinati, “Pakhomo pano sitinadyepo zidole zimenezo. Usatichititse manyazi.” Azimayi anaseka. Inenso ndinaseka nawo, ndiye chomwe chikundiwawa kwambiri.

Thandazani anangonyamuka. Anatsuka makapu, n'kugwada kutsazika azimayi, n'kumapita. Katoni anaisiya pakona ya khitchini.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Foni zii. Mwana woti tsiku silidutsa osandifunsa ngati ndadya.

Ku msika wa Soweto komwe ndimagulitsa, fumbi lokhalokha, mphepo ya Ogasiti. Nyemba sizikuyenda, nshawa pang'ono. Ukwati ukangotha mwezi wamawa Thandazani akupita ku Solwezi, kuntchito kwa Kampamba. Kutali. Apite ndi mawu anga aja m'mtima?

Madzulo Chipego wa khomo loyandikana anabwera kudzapempha moto wa pambaula. Anali nawo pa msonkhano uja, koma iye sanaseke. Wandiuza zomwe sindimadziwa. Chaka chomaliza cha malemu mwamuna wanga Gilson, adokotala atawaletsa mafuta chifukwa cha shuga ndi mtima, Thandazani ankabwera Loweruka masana ine ndili kumsika. Eyafulaya anagulira iwowo. Bambo ake ankalira vitumbuwa ngati mwana, ndiye iye anaphunzira timipirati kuti alaweko chokhukhuta m'kamwa. Akuti ankadyera pakhonde, akuseka, mpaka Chipego anamupatsako. Ndipo Gilson ankati, musawauze amake, adzakalipa za tchizi.

Ndikanakalipadi. Ankandidziwa.

Ndiye pakhomo pano timipirato tinadyedwapo. Anadya ndi mwini khomo. Ine ndi kukamwa kwangaku, pamaso pa anthu. Mayo ine.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Ndaganiza. Ndiphika ndekha timipirato, ndikatiike pakati pa mbale za chilanga mulilo. Aone ndi maso, kusiyana n'kuti ndizilankhula zambiri. Kupepesa kwa pakamwa sindikutha, Gilson anapita osakumvapo.

Chipego akuti bwanji osangomuimbira mwini wake. Awe. Ine Christine, woitanidwa kuphika pa maukwati a anthu mpaka ku Woodlands, ndikagwadire mwana pa nkhani ya mpunga? Ndikufuna ndimudzidzimutse.

Ndatulutsa chinthucho m'katoni. Chakuda, chonenepa, chili ndi kabasiketi kokoka ngati dilowa. Chikununkhirabe tchizi wopserera.

Ndaonera kavidiyo pafoni. Mzungu wamanja aubweya, amalankhula mothamanga ngati kondakitala. Ndaphika mpunga monga ndiphikira masiku onse, woyoyoka, njere iliyonse payokha, mpunga womwe anthu amanditamira. Kuumba, ukumwazika. Kufinya, ukutuluka m'mipata ya zala. Ndadya ndi supuni, nditaima, ndili ndi mkwiyo.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Malaiti kulibe kuyambira dzulo. Chinthucho pambaula sichikhala. Chimangondiyang'ana.

Chipego amagwira ntchito m'nyumba ina ku Kabulonga, ndiye anakafunsako kwa wophika wa kumeneko. Akuti mpunga ukhale waufupi, womata. Osautsuka. Kuyamba ndi anyezi, kenako msuzi wa nkhuku pang'onopang'ono, uku ukutakasa, mpaka ukhale ngati phala lolimba. Ukatero uzizire ndithu usanaugwire.

Mpunga wosatsuka, wophikidwa ngati phala. Amayi anga akanauona akanati mkazi uyu abwerere kwa alangizi.

Tchizi ndakagula ku Northmead, wotamuka uja. Mtengo wake ndinachita kuyang'ana kawiri. Ndinabisa pansi pa chikwama ngati ndaba, kuopa kukumana ndi wa mumphakati m'basi.

Ndamutumizira uthenga Thandazani, za chitenje cha azimayi onyamula mbale. Wayankha kuti chilichonse chomwe mwasankha chili bwino, ba mami. Basi. Ulemu wokhawokha. Bola akanandinyoza.

Lolemba, 12 Ogasiti

Malaiti anabwera masana. Ndinasiyira mnzanga benchi, n'kuthamangira kunyumba ngati kukupsa.

Ulendo uno mpunga wamata. Koma changu. Sindinadikire kuti uzizire, kuopa kuti malaiti apitanso. Wandiotcha m'manja. Ndinaumba choncho, kuboola pakati ndi chala, kuika nyama ndi kachidutswa ka tchizi, kutseka. Kugubuduza mu fulawa, mu dzira, mu nyenyeswa za buledi wouma yemwe ndinasinja mu mtondo. Ndinadzaza kabasiketi mpaka pamwamba, poti ndinazolowera chiwaya.

Potsegula, maliro. Tonse taphulika, tchizi wayenderera pansi, tamatirirana kukhala chimtanda chimodzi. Pamwamba mbuu, pansi pakuda. Ndinatukwana Ataliyana onse ndi agogo awo.

Kenako ndinakhala pampando wa Gilson n'kulira. Mwana uja anavutika chonchi yekha, m'khitchini mwanga momwemuno, n'kutsuka zonse ine ndisanabwere. Sindinaonepo ngakhale kanyenyeswa. Kapena sindinkayang'ana.

Foni ndinaigwira. Dzina lake lili pamwamba penipeni. Ndinaibweza m'thumba.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Zatheka!

Filiji ndi kabati chabe masiku ano, ndiye mpunga ndinauyala pathireyi m'mawa, n'kuika pasimenti kuchipinda kozizira kuja, n'kuvundikira ndi sefa. Pobwera unali utagwirana. Manja onyowa poumba. Tchizi pang'ono, pakati penipeni. Kupaka timafuta pamwamba ndi nsonga za zala, apo ayi timatuluka totuwa ngati tadwala. Tochepa m'kabasiketi, tosagundana. Pakati pa kuphika kukoka n'kutembenuza.

Tatuluka tofiirira ngati vitumbuwa vya bwino. Kuluma, khukhu kunja, mkati mofewa, tchizi n'kumatamuka mpaka kuchibwano. Chipego anadya tiwiri motsatizana. Ineyo ndinene zoona pano poti palibe akuwerenga: n'tokoma. Tokoma kwambiri.

Mawa azimayi abwera kudzayamba kuphika. Thandazani naye agona kuno. Timipira ndidzapangira kwa Chipego, asaone. Mulungu, malaiti okha Loweruka m'mawa.

Loweruka, 17 Ogasiti

Anthu apita. Mbale zabwerako zopanda kanthu, akuti Kampamba wadya mosangalala, Abemba avina mpaka fumbi. Aliyense akuti mwambo wayenda bwino. Ndilembe, mwina mtima utsika.

Malaiti analipo. Kutacha ndinazembera kwa Chipego, timipira tonse tinatuluka bwino, palibe kophulika. Ndinatiika m'mbale yanga ya maluwa, ya ukwati wanga, n'kumanga m'chitenje chofanana ndi zinazo, n'kukaika pamzere.

Bana Mpundu asananyamuke amayang'ana mbale iliyonse, poti kumeneko ndi iwo ofotokozera mkamwini chakudya chimodzichimodzi, dzina lake ndi tanthauzo lake. Anamasula yanga. Anayang'ana, n'kundiyang'ana. Ndinati ipite nayo. Anakana mwaulemu, koma anakana. Akuti chakudya chomwe sachidziwa akachifotokoza bwanji pamaso pa eni mwambo, chilibe nyimbo, chilibe mawu. Ndinaumirira. Ndiye anati, “Bana Thandazani, si ndimwe munakamba kuti pano simudya ivi? Azimai onse anamvela.”

Azimayi anali atasenza kale, ng'oma zayamba pabwalo. Mbale yanga inatsala pathebulo yokha.

Mkwatibwi sapita nawo, amake sapitanso. Ndiye phokoso litatha tinatsala awiri m'nyumba, iye kuchipinda atafunda chitenje monga anamuuzira alangizi, maso ofiira ndi utsi wa mbaula. Ndinanyamula mbale ija n'kukaika pamphasa patsogolo pake.

Anayang'ana nthawi yaitali. Anatenga kamodzi, n'kukanyema pakati, tchizi n'kutamuka. Analuma. Anati tapsa bwino, kuposa take toyamba. Mtima wanga unayamba kuvina. Kenako anafunsa yemwe wandiphunzitsa. Ine ndi matama anga ndinayamba kuwerengera: mzungu wa pafoni, Chipego, wophika wa ku Kabulonga, ulendo wa ku Northmead, manja opsa awa. Ndinamuonetsa ndi matuza omwe. Ndimayesa aseka.

Anabweza kotsalako m'mbale. Anati, “Ba mami, ija eyafulaya sin'naiwale. N'naisiya dala. N'nali kuganiza muzaniitana, tipike pamozi, olo kamozi chabe nikalibe kuyenda.”

Anati tsiku lililonse akaweruka ankayang'ana foni. Anali atagula kale mpunga ndi tchizi, zili m'kabati ku Chelstone.

Ine ndinapita kwa anthu onse a mu Lusaka muno kupatula iye. Chiphunzirire kuyenda, mwana uyu ndakhala ndikumuphunzitsa ine, gwira chonchi, usatero, wapsereza. Chinthu chimodzi chokha chomwe akanandiphunzitsa iye, ndachita kukatola kwa alendo.

Sanakwiye. Anandipukuta fulawa patsaya. Kenako tinamva azimayi akubwera ndi nyimbo, iye n'kudzifunditsanso chitenje.

Lamlungu, 18 Ogasiti

Wapita masana. Ndinamunyamulira katoni mpaka pageti. Anakana. “Isungeni, ba mami. Mwaziba kale.”

Ananena mokoma. Zandilasa kuposa chipongwe.

Ndabweza pakona paja. Nyumba ikununkha utsi ndi munkoyo. Mapoto obwereka ayenera kubwerera kwa eni ake mawa, msana ukukana.

Lachitatu, 21 Ogasiti

Sindinapite kumsika. Ndati mutu, koma si mutu.

Masiku akuthamanga. Diresi, makhadi, holo, aliyense akumufuna Thandazani, ndipo akatha onsewo amutenga a ku Solwezi. Ine ndatsala ndi chinthu chakuda pakona ndi luso lomwe sindikulifunanso.

Malaiti abwera posachedwapa, mwadzidzidzi, wailesi inangoyamba yokha. Ndatulutsa mpunga. Sindinauphike. Anyezi sindinasende. Ndaika zonse pathebulo, mipando iwiri.

Ndimuuza kuti ndaiwala. Kuti tija ta Loweruka tinangochitika mwamwayi, lero tikukana, sindikudziwa ngati dzira limayamba kapena fulawa. Bodza, ndipo adziwa kuti ndi bodza, mwana wa Gilson sapusitsika. Kaya aseka, kaya anena kuti ali ndi zochita. Akakana ndiye kuti ndi malipiro anga, sindidandaula kwa munthu.

Ayi, bodza lisakhalepo. Ndingonena kuti bwera, mwanangu, ndinalakwa, udzandionetse mmene unkawapangira bambo ako.

Ndaimba. Ikulira. Ikulirabe, mwina ali mu— Wayankha!