Chibangili Choyera cha Agogo a Gunjan

Lachisanu, 8 Novembala

...ndiye ine dzanja kumbuyo, pageti la paki ya masewera pomwepo, dziko lonse likuona. Mpongozi wanga Devendra ali chiimire, chibangili chagolide m'manja. Akuti ukavala chimenechi suima pamzere, chakudya chaulere, kugona kuhotela ya m'paki momwemo. Wagulira banja lonse, ngakhale ine.

Ndakana. Ukapereka mwana wamkazi kubanja la eni, za kumeneko sudya, sulandira. Bambo anga anatero, agogo anga anatero. Chikwatiwire mwana wanga Kusum ndi Devendra, ine ndi wopereka basi.

Ndinafunsa mtengo kuti ndigule ndekha. Atatchula ndinaseka mpaka mlonda anabwera. Ndalama ya makachori, zitumbuwa zanga zogulitsa zija, okazinga mwezi wathunthu! Ndagula choyera, chapepala. Kogona ndapeza kufupi ndi depoti. Nsikidzi zake ngati ana a mbuzi.

Nkhani ndi Gunjan, mdzukulu wanga. Chaka chino watalika, amulola kukwera Njoka, sitima ija yozondoka m'mwamba. Tinapangana kalekale kuti koyamba akwera ndi ine. Bambo ake wawakana, mayi ake wawakana. Lamulungu madzulo tonse tibwerera kwathu.

Loweruka, 9 Novembala

Mzere wa oyera. Mchira wake ndikhulupirira unali kwathu ku Kota. Dzuwa lokazinga kachori popanda mafuta.

Agolide ali ndi kakhomo kawo, mthunzi, makina ozizira. Tikasuntha pang'ono, chingwe chatsekedwa, adutse mabwana. Ena anakwera katatu ine ndili pa chipilala chimodzimodzi. Mpando womwewo, kusanza komweko. Ndinawauza anzanga apamzere kuti ife talipira Njoka, iwo alipira kutipitirira ife. Anaseka anthu mazana asanu. Mayi wina anati ndikaime pachisankho.

Gunjan ankandidikira kukakhomo kagolide. Devendra anati mwana asapse ndi dzuwa ndalama zitalipidwa kale. Ndatsala pang'ono kufika, belu. Atseka.

Asewere anga a Tikaram, ayisikilimu m'manja: "Asewere, mwambo wanuwo wakwera kangati lero?" Ndinawayankha kuti mimba yawoyo lamba wa Njoka saikwana.

Kusum ananditengera pambali. Akuti andigulira chagolide ndi malipiro ake, palibe adziwe. Ndinati ndidziwa ineyo. Anangoti, "Bambo, mwana walira."

Sindinadye bwino. Ndi nsikidzi zija.

Lolemba, 11 Novembala, m'sitima

Dzulo sindinalembe, mutu unali ukuzungulirabe. Ndi chimwemwe, osati zina.

Ndinalawira, koma oyera anzanga analawira kuposa ine. Ndili pakati pamzere, wina wandikoka malaya. Gunjan. Wakwawa pansi pa zingwe, chagolide chili pamkono. Ndinamuuza abwerere kumthunzi. Iye, "Agogo, kumeneko kulibe nkhani. Anthu ake angoti ndwii pafoni."

Devendra anabwera kudzamutenga, mwana wagwira mwendo wanga ngati nkhupakupa. Anaima nafe. Kusum naye. Mapeto ake a Tikaram, thukuta ngati mpopi wothyoka. Banja lonse lagolide pamzere wa amphawi, pambuyo pa ine!

Pageti amalanda chakudya, koma ndani angavule munthu wamkulu nduwira? Ndinatulutsa makachori m'mutu, akadali ofunda. A Tikaram anadya anayi. Ndadyetsa agolide, ine wapepala.

Tinakwera. Mpando wakutsogolo. Za mayi uja wachisankho ndinawonjezera, anangofunsa nthawi, koma izi ndi zoona: Gunjan anakuwa njira yonse, maso ali gwa, akuseka. Ine ndinatsinzina pofuna kumva bwino mphepo.

Potsika, nthaka ikuthawa. Ndinakhala pansi. Wina anandipatsira botolo la madzi, ndinagugudiza lonse. Kutukula maso, dzanja ndi la Devendra. Madzi ake. Ndalama yake.

A Tikaram anatsegula pakamwa, Kusum anawayang'ana kamodzi, anatseka. Kenako mwana wanga anatembenukira kumbali, akupukuta m'maso ndi mpango. Kuseka kapena kulira, sindinadziwe.

Padepoti ndinatulutsa marupi makumi awiri a botolo. Kusum anapinda zala zanga n'kuzitseka. Akuti ndikangolipira, pachikondwerero cha Diwali chaka chamawa ndisamuyembekezere.

Ndalamayo ikadali m'thumba la malaya. Akuti Kusum amaphika bwino mphodza masiku ano. Sindinalawepo.