Timabatani Tasiliva M'bokosi Lobiriwira

Famu ya Doringkloof,
Jansenville,
14 Julayi

Wokondedwa mlongo wanga Wikus,

Uli bwanji kumeneko ku Perth, iwe pamodzi ndi alamu anga a Annelie ndi ana? Kuno tili moyo, kungoti chisanu cha chaka chino chaphulitsa kawiri mapaipi a kukhola la mbuzi. Bondo langa ndi lomwe lija. Ndalemba pamanja chifukwa pafoni ndingatukwane, ndipo makutu a Atate akadali akuthwa.

Nkhani ndi ya mlamu wathu Dolf. Ndikangotchula dzinalo m'kamwa mumawawa.

Mwezi watha tinakasaka ngoma kumpanda wa kumtunda, Atate atanyamula mfuti ya Agogo ija. Ngoma yaimuna inaima poyera penipeni. Atate anakoka, mfuti inangoti khethe. Anaika chipolopolo china, khethe. Chachitatu chinalira, koma nyama inali itayamba kale kuthawa, ndiye chinailowa m'mimba. Tinalondola magazi masiku awiri, ndipo amene anakaimaliza ndi Dolf.

Tikuwotcha nyama Loweruka, anansi onse alipo, Dolf anayamba pakamwa pake paja. Ati madala ayamba kuiwala, mwina m'zipolopolo zawo akuthira shuga m'malo mwa onga. Anthu anaseka. Ati mfutiyo akaisunge iyeyo m'kabati yake yachitsulo munthu asanafe, komanso za mpanda wa nyama aziyendetsa ndiye. Mng'ono wanga Rentia, mkazi wakeyo, anangowerama n'kumadula buledi amene anali wodula kale.

Chimene chandipweteka, Wikus, n'chakuti Atate anakhulupirira. Munthu wadzikonzera yekha zipolopolo zaka makumi anayi, osaphonyapo n'kamodzi komwe! M'mawa mwake anandipatsa kiyi wa kachipinda kawo kokonzeramo, ati mutu wawo watha ntchito. Sabata yonse sanamete ndevu.

Ine sindinaphunzire nawe limodzi pabenchi ya Atate yokonzerapo zipolopolo ija kuti ndizingophika khofi. Ndinatsegula kachipindako, n'kumasula zipolopolo ziwiri zokana zija. Onga unalimo, wokwanira bwinobwino. Nditazitembenuza ndinaona timabatani toyatsira onga, tija timakhala kumatako kwa chipolopolo, tili tasiliva. Ukudziwa kuti Atate amagwiritsa ta m'bokosi lobiriwira basi, ndipo timeneto n'tamkuwa.

Bokosi linali lobiriwiradi, koma m'mbali linali lomatidwa ndi tepi. Timabatani tasowa m'masitolo chaka chino, ndipo amene anawabweretsera bokosilo kuchokera kutauni ndi Dolf, ati mphatso ya tsiku lawo lobadwa. Maso a Atate sangasiyanitsenso siliva ndi mkuwa pakanthu kochepa ngati nyemba, ndipo Dolf amadziwa.

Usanene kuti mwina analakwitsa. Kumbukira Khirisimasi ija usanachoke, atagwira botolo pakhonde, akutiphunzitsa ngati ana. Ati ta m'bokosi lofiira n'tasiliva, n'tolimba ngati mutu wa apongozi, ndipo msomali wotopa wa m'kati mwa mfuti ya Agogo sungatiswe. Unaseka nawo iwe.

Komabe ndinafuna kuona ndi maso anga. Ndinakonza zipolopolo makumi asanu ndi limodzi, onga womwewo, muyeso womwewo, kusiyana timabatani tokha. Makumi awiri ta m'bokosi lobiriwira, totsala m'dirowa ya Atate. Makumi awiri ta m'bokosi labuluu, topempha kwa aneba. Makumi awiri tasiliva ta Dolf. Ndinakawombera kukhoma la damu mpaka phewa linachita bii.

Za lobiriwira zinalira zonse, mabowo onse n'kukwana pachikhatho. Za labuluu zinaliranso zonse, ngakhale zinamwazika pang'ono. Zasiliva, zisanu ndi zinayi zinangoti khethe. Ndinakhala pansi pafumbi pompo n'kulira ndi ukali.

Galu ameneyu ndithana naye. Loweruka loyamba la Ogasiti ndi tsiku la malonda a mpingo, ndipo ukudziwa mmene amanyadira pampikisano wowombera. Pamaso pa abusa ndi amayi onse ogulitsa makeke, ndidzamupatsa m'manja mfuti imene akuilakalakayo, ndi zipolopolo za mphatso yake. Ndidzamuuza kuti alamu, tationetsani mmene a mutu wabwino amawombera. Ikadzati khethe, ndidzamufunsa mokweza ngati nayenso wathira shuga. Kenako ndidzakhuthula timabatani take patebulo la mphoto, pambali pa mwendo wa nkhosa. Ndikufuna azidzati akalowa m'sitolo ya alimi, ana aziti khethe kumbuyo kwake mpaka akalambe. Rentia adzandida, adziwa yekha.

Tsopano ndikuuze chimene sindinauze munthu.

Nditawaonetsa Atate zonsezi, anametanso ndevu, n'kunena kuti tipite kudamu akayese okha. Ndinapachika pepala pathabwa, pamtunda wa mapazi zana, n'kuwapatsa zisanu za lobiriwira. Zonse zinalira bwino. Ndinapita kukatenga pepala, iwo atatsala pagalimoto.

Wikus, papepala panalibe bowo ngakhale limodzi. Ngakhale pathabwa. China chinagunda mpanda, mbali imene abusa a mbuzi amadutsa.

Ndinazula msomali pathabwa, ndinawafulatira, n'kuboola mabowo asanu pakati. Atalisisita ndi chala pepalalo anaseka ngati mnyamata, ati waona Trudie, dzanja likadalipo. Analipachika m'khitchini, ndipo ndimadya nditaliyang'ana tsiku lililonse.

Mutu wawo uli bwino, koma maso apita. Mfuti iyeneradi kuchoka m'manja mwawo, ndipo zikundinyansa kuti mbava ija inanena zoona mwangozi. Koma kuti ikalowe m'kabati ya Dolf, ndiyambe ndafa ine.

Ndiye pempho langa nali. Bwera kumudzi. Udzakhale nawo pakhonde, udzawapemphe mfuti ya Agogo, unene kuti ukufuna ikhale m'dzina lako kuti mwana wako Ruan adzaipeze. Mapepala a laisensi tidzathamanga nawo tonse, ndipo idzakhala yokhomeredwa kuno mpaka atuluke. Kwa ine sangapereke, adzadziwa chifukwa chake. Kwa iwe adzapereka akumwetulira, ali ndi ulemu wawo wonse. Usandiuze za tchuthi chovuta kupeza, zaka zisanu ndi chimodzi zakwana.

Ndipo ufike tsiku la mpikisano lisanakwane. Chifukwa cha pepala langa lija, Atate anakalembetsa dzina lawo dzulo, ati akamuonetse Dolf mpingo wonse ukuona. Kumeneko ana amathamangathamanga paliponse, pepala amakatenga ndi adikoni, ndipo ine sindingapiteko ndi msomali.

Mulungu akusunge panjira. Undiperekere moni kwa a Annelie, umpsompsone Ruan ndi kamng'ono kake. Nyama youmitsa ya ngoma ija ikukudikira, Atate akukana kuilawa.

Ndine mlongo wako,
Trudie