Mphindi Makumi Anayi za Bambo

Pine Creek,
3 Disembala.

Mlongo wanga Desmond,

Muli bwanji kumeneko ku Melbourne, iwe, mlamu wanga Imogen ndi ana? Ife kuno tilipo, kungoti kutentha kwafika poti ndi agalu omwe asiya kuuwa. Bambo akudya bwino. Zina za iwo ndinena kutsogoloku.

Ndondomeko ya ulendo wanu wa mu Januwale wozungulira mapaki a zachilengedwe a kuno ndailandira, masamba asanu ndi limodzi, tsiku lililonse mtundu wakewake. Ndaseka mpaka nthiti kuwawa.

Iwe wobadwira m'nyumba ino, ukufuna kukafika kumathithi a Jim Jim mu Januwale? Pa kagalimoto kobwereka kooneka ngati chibenthu cha sopo? Msewu umenewo amautseka mvula ikangoyamba. Ukudziwa bwino, chifukwa unakula ukuwaona bambo ako akupita kukakhoma mageti a msewuwo. Zaka khumi ndi zisanu za m'tauni zakusukuluza mutu ndithu.

Pa tsiku lachitatu walemba kuti ana akasambira padziwe. Madzi akasefukira, ng'ona zikuluzikulu zimakwera mpaka kumaiwe aja tinkasamba ife m'chilimwe. Bambo anatha zaka makumi atatu akuzitchera kuti alendo opusa asadyedwe, osadziwa kuti akulera mmodzi m'nyumba mwawo. Kapena mlamu anawerenga pa intaneti kuti ng'ona za kuno zimalemekeza anthu ovala zipewa zodula?

Koma chimene chandidula kuseka chili pa tsiku lachisanu. Walemba kuti: "Kuona Bambo, mphindi 40, pokathira mafuta." Atsekwe a m'dambo wawapatsa maola atatu. Kujambula dzuwa likulowa, ola limodzi ndi theka. Bambo ako wawaika mzere umodzi ndi petulo. Manyazi ulibe, Desmond, ndipo ine ndachita manyazi m'malo mwako.

Tsopano ndiulule zanga. Bambo anamva kuti kwabwera mapepala ako, ndipo anandiuza kuti ndiwawerengere, poti okha satha. Za Jim Jim anaseka mpaka kutsokomola. Za dziwe anati ndikuuze kuti ubwere ndi ana apadera osinthira. Nditafika pamzere wawo uja ndinanama. Ndinati udzakhala pakhomo pano sabata yathunthu.

Bambo anati, "Ameneyu mvula waiwala, koma njira ya kwawo sanaiwale."

Kuyambira tsikulo akukonza mbedza zako zakale mopapasa ndi zala. Aliyense wodutsa pamsewu akumuimitsa n'kumuuza kuti mwana wawo akubwera kwa sabata.

Chachiwiri anandiletsa kunena, ati mwanayo ali ndi ntchito zake, ndisamusokoneze. Ndikunena basi. Diso lawo lakumanzere linafa mu Ogasiti. Dokotala wa ku Darwin akuti lakumanja pofika mu Juni lizidzangoona zithunzithunzi. Mwana wako Tamsin, Bambo anamuona komaliza ali wakhanda, ndipo tsiku lililonse amandifunsa ngati n'zoona kuti akufanana ndi malemu Amayi. Zithunzi za pafoni amaziyandikiza mpaka pamphuno, koma sizithandiza.

Ine ndimakudziwa. Ukangowerenga za misewu yotsekedwa, utsegula kakompyuta kako n'kusuntha ulendo wonse kupita mu Juni, nthawi yabwino ya alendo. Usayerekeze. Mathithiwo mu Juni adzakhalapo, ndi chaka chinacho adzakhalaponso, sakupita kulikonse.

Bwerani mu Januwale momwemo. Mvula idzakutsekerani m'nyumba, udzudzu udzamudya mlamu mpaka adzatukwana, ndipo nyama yokhayo mudzaone ndi achule a m'chimbudzi. Koma Bambo adzamuona Tamsin.

Mapepala ako ndabweza m'envulopu yomweyi. Ndakhwatcha zonse ndi bolopeni yofiira kupatula mzere umodzi, umenewo ukonze wekha. Ukaona kuti mphindi makumi anayi n'zokwanira, uwaimbire foni uwauze ndi pakamwa pako. Ine kunama ndanama kamodzi, sindibwerezanso.

Undiperekere moni kwa mlamu, ndipo Tamsin ndi Archie uwapsompsone. Mulungu akusungeni nonse, iweyo akuwonjezereko nzeru.

Pamene ndikulemba pano Bambo ali pakhonde, akuwerenga masiku otsala pa zala.

Ndine mlongo wako,
Raelene